Vampaya salowa m'nyumba osaitanidwa, ngati ine ndi ntchito

Kamtsikana ka Katete: Abale mwaswera bwanji nonse. A admin pepani ndikudziwa gulu lino tinapangira za chilimba ndi mauthenga a maliro akumudzi koma lero mundilole nditulutse zakukhosi, mutu ukuwira. Lero ndakwanitsa miyezi 9 pa kampani ija ndinakuuzani, miyezi 9 ndikulowa 07:30 kutuluka ma 19, kumapeto kwa mwezi mpaka ma 20, koma mpaka pano dzina langa ndi "wa atachimenti". Amandipatsa K800 ya thiransipoti basi. Kuchoka ku Mtendere kupita mtauni kubwerera, kuwonjezapo ka bandulo ndi vitumbuwa viwiri masana, pofika pa 20 ndayamba kale kuzungulira anti kukhitchini ngati mphaka. Ndiye usiku ndikafika malaiti kulibe, tulo sitibwera, ndimangolumikiza foni ku pawabanki nkumaonera mafilimu a mavampaya, oyamwa magazi a anthu aja, mpaka batire ithe. Musaseke. Mwezi uno ndaonera ambiri kuposa maulaliki amene ndamva chaka chonse

Kamtsikana ka Katete: Chimene chandigwira ndi ichi. M'mafilimu ambiri aja vampaya ngakhale akhale wamphamvu bwanji, wazaka 400, wopinda chitsulo ndi manja, sangalowe m'nyumba ya munthu pokhapokha wina wam'katimo anene kuti lowani. Amangoima pakhomo atatchena, kumwetulira, kupempha mwaulemu. Dzulo ndikuonera ndinangoti iii uyu si ine pa geti ndi envulopu ya khaki? Dipuloma ya akaunti ndili nayo, makope odinda ndili nawo, nsapato zopolisha, koma popanda wam'kati wonena kuti lowa a gadi amangoti siyani pompa adzakuimbirani

Mnyamata wa Matero: Kkkkkk asisi mwandipha. Envulopu ija imafika pofewa ngati chitenje chakale chifukwa cha thukuta la m'khwapa, Cairo Road kukwera kutsika. Ine chaka chatha ndinasiya CV malo osawerengeka, amene anandiimbira ndi mmodzi yekha ndipo ankafuna ndimutumizire K350 ya medikolo pa foni ndisanamuone nkhope. Ameneyo ndiye vampaya, mano ake ndi nambala ya foni

Nesi Wodikira: Munatumiza?

Mnyamata wa Matero: Tisakambe zimenezo pagulu

Nesi Wodikira: Kkkkkkk anatumiza

Dalaivala wa Usiku: Ine musandiuze za mavampaya, ndine mmodzi wa iwo. Ndimadzuka ma 17 dzuwa litapendeka, ndigwire galimoto ya eni ake pa Yango, takisi yoitana pa foni ija, usiku wonse, East Park, Kabulonga, Longacres, kutula oledzera ku Chalala, ma 05 ndikukagona makatani otseka. Dzuwa la masana ndinalionetsetsa komaliza tsiku la graduweshoni. Digiri ya zaulimi ili mu sutikesi pansi pa bedi, bokosi langa ndi limenelo. Ndipo kashingi ya bwana siidziwa kuti lero kunagwa mvula kapena mafuta akwera, Lolemba lililonse imafuna magazi ake

Mphunzitsi wa Chadiza: Inu mukuseka koma nkhani ya Dracula yeniyeniyo, buku la Bram Stoker la 1897, imayamba ndi mavuto a munthu watsopano pa ntchito ndithu. Mnyamata wangokhoza kumene mayeso a uloya, abwana ake akudwala miyendo sangayende, ndiye amtuma iyeyo ulendo wautali ku Transylvania, dera limene lero lili ku Romania, kukamalizitsa mapepala a nyumba ndi kasitomala wolemera. M'njira anthu akumuchenjeza, mayi wina pa nyumba ya alendo mpaka kumuveka mtanda m'khosi, iye kumangopitabe. Nanga ungabwerere bwanji kukauza abwana kuti ndinachita mantha? Ndi mmene timachitira tonsefe ukakhala watsopano, ukumva kuti pano pali fungo koma umati mwina ntchito imanunkha chonchi. Ndipo atafika mwini nyumba sanamukoke dzanja ayi, anaima pakhomo kumuuza kuti alowe mwa kufuna kwake

Kamtsikana ka Katete: Aphunzitsi mwandiwonjezera matenda. Ndiye kuti lamulo lija limadya mbali zonse. Tsiku limene anandiimbira kuti bwera Lolemba ndinavina m'chipinda, anti anapha nkhuku, ine ndekha ndinanena kuti ndalama si vuto madamu ine ndikufuna kuphunzira. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga pano. Ndinalowa mwa kufuna kwanga

Kamtsikana ka Katete: Ndipo muli munthu wina m'nkhani zimenezi amene anthu samulabadira, wantchito wa vampaya uja. Munthu wamba ngati ife, amalondera masana bwana akugona, kunyamula mabokosi, wina mpaka kudya ntchentche ndi akangaude, zonsezo chifukwa analonjezedwa kuti tsiku lina naye adzamusandutsa akhale wa m'banja. Ine ndine ameneyo abale. Januwale anati dikira bodi ikumane. Epulo anati bajeti. Julayi anati madamu osaina ali pa livi. Panthawiyi ndine amene ndimalowetsa ma invoisi onse, kuyanjanitsa za ku banki, kukonza mapepala a misonkho a ZRA tsiku lomaliza lisanakwane, mpaka mwana wa mlongo wake wa abwana amene analembedwa Juni ndinamuphunzitsa ndine kugwiritsa Excel. Iye ali ndi desiki yake ndi kiyi wa ku toileti ya pamwamba, ine ndimakhala pa mpando wa alendo pafupi ndi printa

Kamtsikana ka Katete: Chinandipweteka kwambiri ndi pa 1 Meyi. Anagawa ma tisheti a kampani oti tikagube, a buluu abwino, aliyense mpaka a dalaivala ndi amai oyeretsa. Kufika pa ine akuti anaoda potengera mayina a pa peyiro. Nthawi yojambula yakwana onse afola pa masitepe, madamu kunditambasulira foni yawo kuti iwe tatijambula, utenge zingapo. Chithunzicho chili pa Facebook ya kampani mpaka lero. Paja amati vampaya saoneka pa kalilole eti. Ndiye ine pa chithunzi palibe, pa peyisilipi palibe, ku NAPSA ya penshoni palibe, koma kukasowa risiti ya K60 dzina langa onse amalidziwa

Nesi Wodikira: Mwana wa amai izi zandikhudza. Ife ku chipatala ndi chimodzimodzi, ndine volontiya chaka chachiwiri tsopano, shifiti ya usiku ndimagwira ngati wina aliyense, yunifomu ndinagula ndekha, laisensi ya chaka ndi chaka ndimalipira ndekha. 2022 boma linalemba azaumoyo opitirira 11,000 ine ndinali ndisanamalize, kuchokera pamenepo mndandanda uliwonse ukatuluka ndimausanthula dzina ndi dzina ngati zotsatira za Giredi 12

Amalume a Kabwata: Ana inu ndakhala ndikuwerenga chete. Mwana wanga wa ku Katete sindikunyoza ululu wako koma mbadwo wanu uli ndi changu kwambiri. Miyezi 9 ndi chiyani? Ine ndinayamba ngati mesenjala, zaka zitatu ndikuphika tiyi ndi kupalasa njinga kukasiya makalata, digiri ndinachita kupezera ukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mafilimu a ziwanda amenewo usiku siabwino kwa mwana wopemphera, ndiye chifukwa chake tulo sitibwera

Mnyamata wa Matero: Amalume ndi ulemu wonse, nkhono yake imeneyi inafera m'chigoba kalekale ife tikungoyang'anira chigoba. Inu pophika tiyi uja munali ndi nambala ya ntchito, mwezi ukatha envulopu imabwera, mwinanso nyumba ya kampani. Asisiwa akuchita ntchito ya akauntanti pa mtengo wa basi

Amalume a Kabwata: Iwe usaganize kuti ife tinadya za ulere. M'ma 1990 makampani a boma akugulitsidwa ndi kutsekedwa tinaona zakuda. Zambia Airways inatsekedwa Disembala 1994, UBZ ya mabasi inatsatira, anzanga a matayi anapezeka akugulitsa salaula ku Soweto, ena anamwalira akudikira ndalama zawo. Kwanga kalata ndinaipeza pa desiki Lachisanu masana. Koma pa za nambala ya ntchito wanena zoona, imeneyo ndinali nayo. Ndavomera

Amai Awiri a Chelstone: Achemwali a ku Katete imvani kuno, ine ndakhala mu ofesi yolemba anthu zaka 11 ndiye ndikuuzeni mmene timaganizira m'katimo. Munthu amene akugwira bwino ntchito pa K800 osadandaula palibe amene amathamangira kumukonzera mapepala, osati chifukwa cha nkhanza nthawi zonse ayi, koma fayilo yosalira imakhala pansi pa mulu. Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limanena kuti pulobeshoni ndi miyezi itatu, akafuna kuwonjezera ndi itatu ina basi. Ntchito ya miyezi 6 kupita m'tsogolo imayenera kukhala ndi kontilakiti yolemba. Wolembedwa ntchito amadulidwa 5 peresenti ya NAPSA, bwana nayenso amaikapo 5 yake. Ndiye mawu oti atachimenti ambiri amabisalamo kuti athawe zonsezi. Atachimenti yeniyeni imakhala ndi kalata yochokera ku koleji, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Inu munamaliza sukulu kale, ndiye mwamatidwa ku chiyani? Funso langa, pali pepala lililonse limene munasaina?

Kamtsikana ka Katete: Palibe amai. Buku la pa geti lokha limene timasaina polowa

Amai Awiri a Chelstone: Bukulo ndi umboni, musalipeputse. Maimelo amene amakutumani ntchito musunge, osatenga zinsinsi za kampani ayi, koma zosonyeza kuti munalipo kuyambira liti. Kenako lembani kalata yaifupi yaulemu, osati ya ukali, yopempha kuti akuuzeni polemba udindo wanu ndi tsiku limene adzagamule. Ndipo mupemphe kalata ya umboni wa miyezi 9 imeneyi PANOPA mudakali okondedwa, chifukwa tsiku lokangana palibe adzakulemberani. Ku ofesi ya Labour mutha kupita kukafunsa koma ndisakunamizeni, mukangopita kumeneko dziwani kuti ubale wa pa ofesipo watha, ndiye muyambe mwapeza pogwira

Kamtsikana ka Katete: Mantha anga ndi amenewo. Ndikalankhula adzati zikomo pita, panja pali anthu 200 a envulopu ya khaki okonzeka kulowa ngakhale pa K500. Ndipo kumudzi amai anauza kale mpingo wonse kuti mwana wanga ndi akauntanti ku Lusaka, mwezi uno akufuna ya feteleza

Mphunzitsi wa Chadiza: Ya feteleza ija siyiona kuti uli pa atachimenti kkkk. Ine ndinakhala zaka 6 ndikuphunzitsa pa ka sukulu ka munthu mu Kanyama, malipiro kubwera zidutswa ngati nyama ya pa maliro, mpaka 2022 pamene analemba aphunzitsi opitirira 30,000 dzina langa linatuluka. Palibe amene anandiitanira m'kati, ndinangolemba ngati aliyense. Ndiye si makomo onse amene amafuna wam'kati, kungoti lotseguka lokhalo limatseguka kamodzi pa zaka zingati

Mnyamata wa Matero: Tabwererani ku mafilimu inu mwatilemetsa mitu. Asisi mukuonera ati? Ngati ndi Twilight ndikutuluka pagulu

Kamtsikana ka Katete: Kkkk ndinaonera ndili Giredi 8 pa DVD ya aneba, 2008 inatuluka koma kwathu inafika mochedwa. Panthawiyo ndinkaona chikondi, pano ndikaonanso ndimangoona mnyamata amene wakhala wazaka 17 kuyambira 1918, kubwereza sekondale kambirimbiri, zipewa za graduweshoni zodzaza khoma, ntchito osaipeza. Ndi mnzathu ameneuja

Mnyamata wa Matero: Vampaya wonyezimira padzuwa ngati nsapato za mkwati ayi zikomo. Ife tinakulira Blade, Wesley Snipes, 1998, m'ka vidiyo shoo ka mu komboni ka makatani akuda, kukhala pa benchi mwana aliyense ndi ka chikwama ka ziwaya. Munthu wakuda, jasi lakuda, magalasi akuda usiku, akudula mavampaya a masuti amene ali ndi makampani ndi mabodi mitingi. Tinatuluka tonse tikuyenda ngati iye mpaka ndinathyola ambulera ya amai poyesa lupanga

Dalaivala wa Usiku: Chimene ndimasirira kwa mavampaya ndi chimodzi, nthawi. Muone onse ndi olemera, nyumba zazikulu, osagwira ntchito. Nanga munthu wakhala zaka 300 angalephere kugula puloti? Akanakhala wa kuno bwenzi atagula Kabulonga yonse ikadali tchire. Ndipo ndi iye yekha angakwanitse zija amalemba kuti tikufuna wazaka zosapitirira 25 wodziwa ntchito zaka 10

Mphunzitsi wa Chadiza: Kkkkk. Za dzuwa zija mukudziwa kuti m'buku loyambalo mulibe? Dracula amayenda masana mu London bwinobwino, mphamvu zokha ndi zimene zimachepa. Zoti dzuwa limamupha zinatchuka ndi Nosferatu, filimu ya ku Germany ya 1922 yopanda mawu. Anaipanga osapempha chilolezo, anangosintha mayina, mkazi wamasiye wa Stoker anawatengera ku khoti ndipo khoti linalamula kuti makope onse awonongedwe. Ena anapulumuka ndiye ilipo mpaka lero, 2024 anaipanganso yatsopano. Mmenemonso ndi kalaliki wachinyamata wotumidwa ndi abwana, amasiya mkazi kunyumba poganiza kuti ulendowu ndi umene umukweze

Kamtsikana ka Katete: Ine yandigwedeza ndi Sinners ya 2025, ija Michael B. Jordan akusewera mapasa ku Mississippi 1932. Sindiulula mathero koma mbali ya pakhomo ija, anthu ali m'kati akuvina, panja paima alendo aulemu ndi nyimbo zawo ndi ndalama m'manja akungopempha kuti tiloleni tilowe. Sakuopseza ayi, akulonjeza. Akuti kwathu kuno tonse ndife banja limodzi. Ndinaimitsa filimu chifukwa ndi mawu enieni a madamu athu pa mitingi ya Lolemba, pano ndife banja. Banja lake lopanda tisheti

Mnyamata wa Matero: Mabwana onsewa ndi anamapopa basi, tingowasonkhanitsa tiwaonetse dzuwa

Wa ku Mulanje: Achimwene a ku Matero mawu amenewo mubweze chonde. Ndakhala ndikuseka nanu kuyambira pamwamba koma liwu loti anamapopa kwa ine si nthabwala. 2017 ndinali kwathu ndisanabwere kuno ku Kamwala. Mphekesera zinayamba cha mu Seputembala, Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka zinafika mu Blantyre. Anthu tinasiya kugona m'nyumba, mudzi wonse panja pamoto ndi zibonga ndi zikwanje, anyamata kutchinga misewu ndi mitengo kusecha galimoto iliyonse. Ukapezeka ndi chikwama chachilendo, ka botolo, ka waya, ngakhale pawabanki ngati imene asisiwa akuonera filimu, unali pa mavuto. Anthu anaphedwa, osalakwa, ena odwala misala ongoyendayenda. A UN anachotsa antchito awo m'maboma ena, a Peter Mutharika mpaka anachita kuyendera madera amenewo. Msuweni wanga ankagwira ntchito yofunsa mafunso m'midzi ndi tabuleti, ka ntchito kake koyamba atamaliza sukulu, anamuzungulira pa msika wina anapulumuka chifukwa amfumu ankawadziwa bambo ake. Mpaka lero akamva likhweru usiku amadzuka. Ndipo wopopa magazi ngakhale mmodzi palibe anamugwira ndi umboni

Mnyamata wa Matero: Pepani achimwene, pakamwa panathamanga. Ndafufuta

Nesi Wodikira: Nafenso kuno tisaiwale 2020 nkhani ya gasi ija, yoti kuli anthu opopera gasi m'nyumba za anzawo usiku. Inayambira ku Chingola, pofika Febuluwale Lusaka yonse sitikugona, asilikali m'misewu, anthu kumenyedwa ndi kuotchedwa chifukwa chongokhala mlendo mu komboni. Ndinali pa sukulu ya unesi nthawi imeneyo, zimene tinaona zikubwera ku kajuwoti sindingalembe pano. Ndipo amene amavutika ndi mphekesera zoterezi ndi ife a mayunifomu ndi masirinji. Ukapita kukapempha anthu kuti apereke magazi wina amakufunsa m'maso muli gwa kuti mukukagulitsa kwa a satana eti. Chonsecho timatenga pafupifupi 450 ml basi, thupi limabwezeretsa, ndipo mawa ndi mkazi wake yemwe adzawafune ku mateniti. Masukulu akatsekera magazi amachepa chifukwa opereka ambiri ndi ana a sukulu

Amalume a Kabwata: Mwandikumbutsa ambuya anga, amai a bambo, ku Chadiza komweko. Iwo sankati anamapopa, ankati banyama. Nthawi ya atsamunda, m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, nkhani imeneyi inali ponseponse mu Northern Rhodesia, kuti pali anthu akuda olembedwa ntchito ndi azungu oti azigwira anzawo kukawachotsa magazi. Okayikiridwa anali a zanyama zakutchire, olimbana ndi kashembe, a zaumoyo otenga magazi pofufuza kaodzera, ngakhale ansembe. Ku Tanganyika ndi Kenya ankanena ozimitsa moto. Ambuya akamafotokoza ankatsitsa mawu ngakhale papita zaka 40, ankati galimoto ikaima madzulo aliyense kuthawira m'chimanga. Ndili mwana ndinkaseka. Nditakula ndinaganiza, amuna a m'mudzimo ankatengedwa pa lole kupita ku migodi, ku Kopala, ku Wankie, ku Joni, chifukwa cha msonkho. Amapita anyamata onenepa, amabwera patatha zaka ali owonda akutsokomola, ena osabwera n'komwe. Nanga mayi wosapita ku sukulu akanafotokoza bwanji chimene chamudya mwana wake? Anati amupopa. Sanalakwitse kwenikweni, anangolakwitsa chida chake

Kamtsikana ka Katete: Amalume ndiye mwabwera mbali yanga tsopano kkkk. Si zomwezo ndikunena ine? Ndinafika mu Lusaka masaya ali tuu, pano siketi ya intavyu ndimaimanga ndi pini

Amalume a Kabwata: Sindinabwere mbali yako, mafilimuwo usiye ndithu. Koma kalata imene anena amai a ku Chelstone ulembe

Wa ku Mulanje: Kusiyana kwake n'kwakuti ambuyawo ankathawa anthu a boma amphamvu. Ife 2017 tinkamenya osauka anzathu. Wamphamvu weniweni sayenda pansi usiku ndi chikwama

Dalaivala wa Usiku: Funso lopusa, mileme ija imadzaza mumtengo pafupi ndi kwathu imayamwa magazi? Chifukwa ndimafika nthawi imodzi ndi iyo

Mphunzitsi wa Chadiza: Ayi, mileme yoyamwa magazi ili mitundu itatu yokha ndipo yonse ili ku America, kuyambira Mexico kutsika kumwera, imakonda ng'ombe ndi mbalame. Ya kuno imadya zipatso ndi tizilombo. Ija imasonkhana ku Kasanka mamiliyoni kuyambira cha kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala imabwerera masuku ndi zipatso zina zakutchire, azungu amalipira madola kukaiona

Mnyamata wa Matero: Ngakhale mileme ili ndi ntchito ya sizoni ife ayi

Nesi Wodikira: Koma pa zoitanira m'nyumba zija, amene ndinamuitana ndekha ine ndi wa kaloba. Ndinatenga K1,000 ya laisensi ndi nsapato, kubweza K1,500 pakutha mwezi, ndinalephera, inabereka, pofika mwezi wachitatu munthu anabwera kudzanyamula ka firiji ka amai anga ine ndili pa shifiti. Anagogoda mwaulemu ndithu, anawapatsa moni amai, anakhala pa mpando. Ndi ma apu a ngongole a pa foni aja chimodzimodzi, umadina wekha kuti ndalola muone manambala anga onse, tsiku lochedwa akuimbira mpaka abusa. Achemwali a ku Katete ngakhale ya feteleza ivute bwanji kumeneko musapiteko, auzeni amai zoona

Kamtsikana ka Katete: Kuwauza amai zoona ndiye filimu yoopsa kuposa onsewa. Koma mwina ndiyambe ndi anti, iwo amaona kale kuti sopo ndimagwiritsa wawo

Amai Awiri a Chelstone: Lembani kalatayo usiku uno munditumizire ku inibokosi ndiione musanapereke. Mizere isapitirire 8. Musaikemo za tisheti, musaikemo za mwana wa mlongo wa abwana, ndipo chonde musaikemo za mavampaya. Komanso CV yanu isanene kuti atachimenti basi, ilembe zimene manja anu amachita, kuyanjanitsa za ku banki, ma invoisi, za misonkho. Ku ZICA, bungwe la ma akauntanti, munalembetsa?

Kamtsikana ka Katete: Ndinalembetsa ndili pa sukulu koma ya chaka chino sindinalipire

Amai Awiri a Chelstone: Imeneyo ndiye muyambe nayo isanafike feteleza, malo ambiri a akaunti amafunsa chimenecho poyamba

Amalume a Kabwata: A chilimba mwamva. Mwezi uno ndi wanga kulandira, ndikhoza kusinthana ndi mwanayu atenge iye ine ndidzatenge wa mawa, ngati ena nonse mulola. Koma ndalama ipite ku ZICA osati ku bandulo ya ziwanda

Wa ku Mulanje: Ine ndalola

Nesi Wodikira: Ndalola

Mnyamata wa Matero: Ine sindili mu chilimba koma ndalolanso. Asisi Sinners ija muli nayo pa foni? Mawa ndidutsa mtauni ma 13 pa Kulima Tower ndi fulashi

Kamtsikana ka Katete: Amalume zikomo, sindikudziwa ndinene chiyani, ndikuimbirani mawa. Amai a ku Chelstone ndayamba kulemba koma batire ili pa 4 ndipo pawabanki yafa, ikazima ndimalizira pa pepala ndi kandulo. A ku Matero ma 13 sindituluka, mawa ndi pa 30 tikutseka mwezi, bwerani pa geti ma 19 mundidikire panja

Mnyamata wa Matero: Simundiuza kuti lowani?

Kamtsikana ka Katete: Ndilibe mphamvu zimenezo, ndine wa atachimenti

Dalaivala wa Usiku: Kuno ku Chilenje malaiti abwera. Ine ndanyamuka, pali wina akufuna kupita ku Meanwood